Loko pa Chipinda cha Anautsi

"Kiyi ali kuti?" anafunsa Mtengwa.

"Kiyi wa chiyani?" mwamuna wake anafunsa osatembenuka n'komwe. Anali m'golosale mwake, yomwe inagundana ndi khonde la nyumba, akupukuta fumbi pa timabotolo ta mowa n'kumatindandalika pa shelefu.

"Musandiyese mwana. Kiyi wa chipinda chimene mwatsekeramo alongo anu."

"Mtengwa iwe," analowererapo apongozi ake ali pampando wa pakhonde, "pakhomo pano unabwera ndi chikwama cha zovala. Malamulo sunabwere nawo."

Mtengwa anakweza mwana kumsana, namangitsa nsalu pachifuwa. Dzina limeneli anamupatsa tsiku limene anakwatiwa pakhomopo, ndipo ngakhale anali atawaberekera mdzukulu, linali lisanamuchoke. M'kati mwa nyumba chitseko chinkagunda, gu! gu! gu! Ankagogoda anali mlamu wake wamkulu, amene mudzi wonse unkamutcha Anautsi chifukwa chowamba nsomba kugombe chaka ndi chaka, mpaka utsi unamulowa m'tsitsi ndi m'zovala. Mowa nawo unamulowa chimodzimodzi, pang'onopang'ono, mpaka m'mawa sankatha kuyatsa moto asanamwe.

"Chitsekereni dzana lija, mwapitako kukawaona?" anatero Mtengwa. "Dzulo amapempha madzi. Lero akuti nkhanu zikukwera khoma, zina zikuwalowa m'makutu. Mwawamva?"

"Ndi mowawo ukutuluka," anatero apongozi. "Chinalowa ndi phokoso chimatulukanso ndi phokoso."

"Amayi, anesi ananena kusikelo, ine ndikumva ndi makutu angawa. Munthu amene thupi lake linazolowera mowa samusiyitsa ngati kuzimitsa nyale. Amakomoka. Ena amafa kumene."

Mwamuna wake anaseka. "Sukulu unasiyira panjira, lero wasanduka dokotala?"

"Sukulu ndinasiya. Makutu sindinasiye."

"Tamvera, mayi a mwana." Anatuluka m'golosale muja, kansanza kali m'manja, natsitsa mawu. "Kutha kwa mwezi uno akubwera makolo a mnyamata amene akufuna mlongo wanga wamng'ono Chitsiriza, kudzaona pakhomo. Ukufuna adzapeze chiyani? Mkulu wake wa mkwatibwi ali thapsa mumsewu, nsalu ili kwina? Mwana uja wadikira nthawi yaitali. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Pakamwa pakopo padzakuthetsera banja."

"Nanga timabotolo mukupukutato? Alamu amagula kuti? Kumwezi?"

"Ine ndimagulitsa, sindimwetsa munthu. Wogulitsa mpeni si amene amapha."

"Eya, koma sanola mpeni pakhosi pa mlongo wake."

Apongozi anawomba m'manja kamodzi, nayang'ana kumwamba ngati akuitana mboni. Koma asananene kanthu, onse anazindikira kuti kugogoda kuja kwasiya. Nyumba inangoti zii. Kenaka panamveka phokoso lina, lofulumira, ngati munthu akupuntha nsalu yonyowa pamwala.

Mtengwa anathamangira m'kati nasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Anautsi anali pansi chagada, zidendene zikumenya simenti, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa.

"Kiyi!"

"Ndi mmene zimathera zimenezo. Akadzuka adzuka wina," anatero mwamuna wake, koma mawu ake anali atachepa.

Mtengwa sanafunsenso. Anamasula mwana n'kumukankhira m'manja mwa apongozi ake, ndipo gogoyo sakadachitira mwina koma kumulandira. Anatenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Mwamuna wake anamugwira mkono.

"Chitseko chimenecho ndinagula ndine!"

"Ndiye mudzakhomere bokosi la maliro, matabwa ake ndi abwino. Chokani!"

Anamenya ndi kuseri kwa nkhwangwa. Loko sanathyoke, koma misomali inazuka pamodzi ndi chitsulo chake, chitseko n'kutseguka. Fungo la mkodzo ndi thukuta linawawomba kumaso. Apongozi anayamba kukuwa kuti wina abweretse supuni amutsekule mano, koma Mtengwa anangomugoneka mlamu wakeyo cham'mbali, namupukuta kukamwa ndi nsonga ya nsalu yake, n'kudikira mpaka miyendo italeka kuphupha.

Galimoto m'mudzimo inkadutsa mwa apo ndi apo. Panjinga munthu wokomoka sakhalapo. Chimene chinalipo ndi wilibala ya Anautsi yemweyo, yotutira nsomba kuchokera kumabwato, mamba atauma mbee m'mbali mwake. Mtengwa anayalamo bulangete.

"Nyamulani kumapewa," anauza mwamuna wake.

Ananyamula, poti manja amamvera msanga kuposa mtima. Koma atamuika, anaima kutsogolo kwa wilibala.

"Dikira kude. Tidzadutsa njira ya kuseri, kuminda."

"Imfa mwapangana nayo kuti idikire kude?"

"Msika wadzaza, mayi a mwana! Anthu onse ali panja!"

"Ali ndi maso, aone."

Mtengwa anatenganso mwana wake, namubereka, nagwira zigwiriro. Njira ya kuchipatala inali imodzi, yodutsa pakati pa msika, pakati pa mabenchi a nsomba ndi asodzi osoka maukonde. Tayala linkalira kwii, kwii, ngati likuitana anthu dala. Mitu inadzuka.

"Nsomba yanji imeneyo, Mtengwa?" anafuula msodzi wina.

"Yosagulitsa. Patukani!"

"Si Anautsi awo? Lero ndiye mowa wawagwetsa m'mawa!"

"Mawa ndinu, achimwene. Wilibala ndikusungirani."

Anthu anaseka, koma mayi wina wogulitsa tomato anasiya benchi lake nadzagwira chigwiriro chimodzi pachitunda.

Chipatala chinali chaching'ono, zipinda zitatu ndi khonde lalitali. Anesi anangomuona Anautsi kamodzi, naitana mnzawo, namubaya jakisoni, namuika diripi. Kenaka anatembenukira kwa Mtengwa.

"Anasiya liti kumwa?"

"Sanasiye. Anamutsekera."

Anesi anagwedeza mutu. "Pano agona masiku angapo. Akatuluka pali mapiritsi, koma sitipereka m'manja mwa wodwala, amasunga gadiyani. Ndiponso Loweruka lililonse m'mawa timakumana pakhonde lakuseriko, iye ndi anzake a vuto lomweli. Gadiyani ndani?"

"Ine."

"Ndinu ndani wake?"

"Mlamu."

"Nanga abale ake enieni?"

"Atsala kunyumba, akulondera manyazi kuti angabedwe."

Anautsi anatuluka m'chipatala atawonda ngati bango, koma lilime lake linali litabwerera. Atamva mmene anapitira kumeneko anagwira pakamwa.

"Mlamu, pakati pa msika? Pa wilibala yanga yomwe?"

"Mumafuna ndege?"

"Ukadatsukako kaye mamba! Anesi amandichotsa mamba kumsana ngati andivuula kumene."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anayang'ana manja ake. "Khosi likundiitanabe, mlamu. Usaganize kuti zatha."

"Liziitana. Ife tiliyankha ndi tiyi."

Mapiritsi Mtengwa anawamanga pa mfundo ya nsalu yake, ndipo ankagona nawo. M'mawa ankamuperekeza kugombe, n'kumuyatsira moto pang'anjo yowambira, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene khosi linkavuta kwambiri. Loweruka ankapita limodzi pakhonde lakuseri kwa chipatala. Pabenchipo pankakhala asodzi angapo, telala wa pamsika, ndi bambo wina amene chamba chinamulanda bwato ndi mkazi yemwe. Wamkazi anali Anautsi yekha. Tsiku loyamba anakhala kumapeto, nkhope itaphimbidwa ndi mpango. Ulendo wachitatu anali akuwakalipira amunawo kuti asamanamize anesi.

Kunyumba ndiye kunazizira. Mwamuna wa Mtengwa ankadya chakudya chake osamuyang'ana mkazi wake. Makasitomala ankamufunsa moseka kuti kodi benchi ya zidakwa ayisungirako malo, poti katundu wake ndi amene amaidzaza. Akabwera kuchokera m'golosale ankangoponya mawu ngati miyala.

"Wandisandutsa nyimbo pamsika."

"Nyimbo imatha. Maliro sakutha msanga."

Kenaka uthenga unafika kuti alendo a Chitsiriza abwera Loweruka m'mawa.

"Sabata ino sapita," anatero apongozi madzulo a Lachisanu, akusankha mpunga m'lichero. "Akhale m'chipinda mwake mpaka alendo apite. Akamuona akutuluka afunsa kuti akupita kuti, ndiye tidzati chiyani?"

"Mudzati akupita kuchipatala," anatero Mtengwa.

"Mudzi uno ndani sadziwa kuti Loweruka kuchipatala kumapita anthu otani? Wowaperekeza alendowo ndi wa konkuno."

Chitsiriza anali pakona akusita diresi lake. Sanadzutse mutu. "Tsiku limodzi lokha, alamu. Ndapota nanu."

Mtengwa anamumvera chisoni mtsikanayo, koma asanayankhe, Anautsi analankhula yekha ali pakhomo pa chipinda chake chopanda loko chija.

"Mng'ono wanga, ine ndikadumpha Loweruka limodzi, Lolemba mudzanditola m'ngalande. Ndikudzidziwa. Ndidzatuluka mwakachetechete, ndidzapereka moni ngati munthu, n'kumapita."

Apongozi anapitiriza kupeta mpunga wawo.

M'mawa mwake ntchito inamuchulukira Mtengwa ngati anachita kupangana. Kukatunga madzi ndi iye, kupha nkhuku ndi iye, kukabwereka mipando kwa aneba ndi iye. Alendo anafika dzuwa lisanakwere: bambo wa jekete lakuda, mkazi wake, azakhali ake a mnyamatayo, ndi wowaperekeza uja. Anawakhazika pabalaza. Mtengwa atawapatsa madzi osamba m'manja ndi tiyi, anapita kukagogoda kwa mlamu wake kuti nthawi yakwana.

Fungo linamulandira asanalowe n'komwe. Anautsi anali atakhala pansi, atatsamira bedi, atavala kale diresi lake la kuchipatala ndi nsapato imodzi. Pambali pake panali timabotolo tiwiri topanda kanthu, ta mtundu womwe uja wa pashelefu.

Mtengwa anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anaganiza za chitunda chija, za moto wa m'mawa uliwonse, za mfundo ya nsalu imene inkamutswanya m'nthiti akagona.

"Mwatitenga kuti?"

Misozi ya Anautsi inkangotsika.

Chitseko chinatseguka, apongozi analowa cham'mbali, natsekanso msanga. Ataona maso a Mtengwa, anayamba okha.

"Usandiyang'ane choncho. Mwanayu ndinabereka ndine. Ndinamupeza akutuluka thukuta, akuopa kudutsa pamaso pa anthu. Ndinati kamodzi kokha, kolimbitsa mtima, agone, alendo adye apite. Mawa ayambiranso mankhwala akewo. Chalakwika n'chiyani?"

"Munawapatsa ndi dzanja lanu?"

"Ndili ndi ana awiri aakazi, Mtengwa. Wina madzi anatayika kale, saoleka. Ndisiye winayu atayikenso?"

"Ali pomwepa akukumvani, amayi. Madzi otayikawo ali ndi makutu."

Mtengwa ananyowetsa nsalu m'beseni, namupukuta mlamu wake kumaso ndi m'khosi. Anafuna nsapato inayo pansi pa bedi, namuveka.

"Dzukani, alamu."

"Ndisiye. Ndine galu, ndabwerera ku masanzi anga."

"Galu kapena munthu, tikaonera konko. Dzukani."

"Anesi akandinunkhiza akandithamangitsa."

"Akatithamangitsa tikakhala pakhomo mpaka atope. Mwendo uwo, pondani pansi."

Mwamuna wa Mtengwa analowa, atavala malaya ake oyera, nkhope ikumwetulirabe kumwetulira kwa pabalaza. Kunazima atangoona timabotolo tija.

"Waona?" ananong'ona mwaukali. "Chipatala chako chija ndi ichi! Mugoneke, utuluke ukaphike."

"Tikupita."

"Ali chonchi? Wapenga?"

"Ali chonchi ndi pamene akufunika kupita. Wabwinobwino amakatani kuchipatala?"

Mwamunayo anayang'ana amayi ake, nayang'ana chitseko. Pabalaza supuni zinkalira m'makapu.

"Chabwino. Tulukirani kukhitchini. Kumpanda kuli pobowoka paja, mukadutsire m'minda."

Mtengwa anatsegula pakamwa kuti avomere, poti kwa iye njira ndi njira bola ikafike. Koma Anautsi anali ataimirira, atagwira khoma.

"Pobowoka paja pamadutsa agalu ndi nkhuku, mlongo wanga."

"Si mwanena nokha kuti ndinu galu?" anatero Mtengwa.

"Ndasintha maganizo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Nyumba ino njerwa zake ndinagula ndi utsi wanga, iwe uli kusukulu. Golosale yakoyo katundu woyamba anachokera pang'anjo yanga. Munanditsekera ngati mbuzi, sindinakuimbeni mlandu. Lero mwandimwetsa kuti ndigone. Ndituluka pakhomo pamene ndinamangitsa."

"Mayi a mwana," anatero mwamunayo, "ukatuluka naye pamaso pa anthu awa, usabwererenso m'nyumba muno."

Mtengwa anamuyang'ana. Sanali munthu woipa, mwamuna wakeyu. Mwana akadwala ankamunyamula usiku wonse. Koma ankaopa pakamwa pa anthu kuposa manda. Mtengwa anatola mwana pamphasa, namubereka, natenga thewera louma pachingwe n'kulipisa m'chiuno.

"Nkhuku ili pamoto," anatero. "Wina aiyang'anire, ingapserere."

Anatsegula chitseko.

Pabalaza nkhani inaduka pakati. Anautsi ankayenda ngati ali m'bwato pa mafunde, dzanja lili paphewa la mlamu wake. Chitsiriza anali atagwada pafupi ndi tebulo, thireyi ili m'manja.

"Pepani, kodi mayiwa sakupeza bwino?" anafunsa mkazi wa bambo wa jekete uja.

"Malungo," anayankha msanga apongozi ali kumbuyo. "Malungo a chaka chino ndi oopsa."

"Si malungo, amayi." Anautsi anaima pakati pa chipinda, nayesa kugwada kuti apereke moni, koma Mtengwa anamugwira kuti angapitirire mpaka pansi. "Takulandirani, alendo. Ine ndine mkulu wake wa mtsikana mwadzeramuyu. Matenda anga ndi mowa. Ndimalandira chithandizo kuchipatala, ndipo ndinali nditasiya. Lero ndagwa. Ndikupita kukawauza kuti ndagwa."

Bambo wa jekete anayang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera ntchentche. Wowaperekeza uja anakanda kumutu. Chitsiriza anaika thireyi pansi, misozi ili mbwee.

"Mwanayu samwa," anapitiriza Anautsi, akumuloza ndi chala chosakhazikika. "Ngakhale fungo lake amadana nalo, poti wakula akundikolopera. Mukamusiya chifukwa cha ine, ndiye kuti mukadamusiyanso tsiku lina akadzadwala yekha. Muganize bwino. Ine ndachedwa."

Njira ya kukhomo inali itatsekeka ndi mipando yobwereka ija. Kwa kanthawi palibe anasuntha. Kenaka azakhali aja, mayi wamkulu thupi amene anali asanalankhulepo chifikireni, anaimirira, nakoka mpando wawo, natsegula chitseko cha panja n'kuchigwira mpaka awiriwo atadutsa. Nkhope yawo sinanene kuti akuganiza chiyani.

Panja dzuwa linali litakwera. Anadutsa pa golosale yotseka, nalowa mumsewu wa kumsika. Asanafike pamabenchi oyamba, Anautsi anapatuka nasanza m'ngalande. Mtengwa anamugwira pamphumi mpaka atamaliza, namupatsa thewera lija kuti apukutire kukamwa.

"Ndamuphera ukwati mwana uja," anatero Anautsi.

"Kaya. Tikamva."

"Nanga wako? Wamva zimene wanena mlongo wanga. Ukagona kuti lero, ndi mwana kumsana?"

"Zimenezo ndi za madzulo, alamu. Pano ndi m'mawa." Anamukoleka dzanja paphewa pake. "Yendani, anzanu ayamba kale."